Chigamba cha Alamu ndi Mazira a Nachanza

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu alionse kuli dziko lotchedwa Indebwana. Musataye nthawi kufunsa njira yake kwa makondakitala a minibasi, chifukwa ngakhale oidziwa amakana. Anthu a kumeneko ndi aulemu zedi, ndipo ulemu wawo wonse uli m'manja. Mwana akabadwa, azamba amayamba ayang'ana zikhatho asanaone ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Zikhatho zikakhala zotambalala bwino, nthungululu zimamveka, pakuti mwana wotere sadzagona m'ndende.

Mwini dziko anali Mfumu Nditameni Wachiwiri. Mfumuyi sinali yankhanza kwenikweni, kungoti makutu ake sankagwirizana ndi bata. N'chifukwa chake panali mwambo wakuti ikamadutsa, aliyense azigwada, maso pansi, n'kumaomba m'manja mpaka galimoto yomaliza ya mdipiti wake itazimiririka. Zakuti maso pansizo ankati n'zoteteza anthu, poti nkhope ya mfumu imathobwa m'maso. Amene anaionapo pa chithunzi ankati sinali yothobwa ayi, koma izi ankazinena chamumtima.

Woyang'anira mwambowu anali a Chikwapu, Nduna Yoona za Kuomba M'manja. Unduna wawo unali ndi nyumba yosanja, magalimoto, ndi akatswiri amene chaka chilichonse ankapita kunja kukaphunzira mmene anthu a maiko ena amaombera. A Chikwapu eni ake anali ndi khutu la mphaka. M'chikhamu cha anthu ankatha kumva kuti uyu akuomba ndi mtima wonse, uyo akungosisita zikhatho. Wolakwira mwambo ankapita ku ndende ya Muiwaleni, ndipo dzinalo linkakwaniritsidwa. Munthu akalowa kumeneko, abale ake ankagawana malaya.

Musaganize kuti Indebwana linali dziko lopanda malamulo. Linali nalo Buku la Malamulo Aakulu, lolemera moti ankalinyamula anthu awiri. Akasintha kapena kuwonjezera lamulo m'bukumo, anthu ankati asokapo chigamba. Zigamba zinalipo zambirimbiri: china chinkawonjezera maina aulemu a mfumu, china chinkaletsa mvula kugwa pa tsiku lobadwa mfumu. Koma panali chimodzi chimene chinabadwa mwangozi, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo.

Mfumu inali ndi mlamu wake, a Kamphonje, amene ankasunga nkhokwe za dziko. Chaka china chimanga cha m'nkhokwemo chinamera miyendo n'kuyenda, ndipo pa nthawi yomweyo mimba ya a Kamphonje inayamba kufika pa msonkhano mwini wake asanafike. A Chikwapu, amene ankadana nawo ngati mphaka ndi khoswe, anakonzeratu chipinda ku Muiwaleni. Koma paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mfumukazi inalira, inakana kudya, mpaka mfumu inalamula kuti pasokedwe chigamba choteteza alamu.

Alembi analemba mosabisa kuti: "A Kamphonje asamangidwe."

"Mwapenga?" anakalipa a Kamphonje. "Adzukulu anga akadzawerenga adzafunsa kuti agogo anachita chiyani. Fufutani dzina langa. Lembani kuti munthu aliyense."

Anawonjezeranso mawu ena mochenjera, podziwa kuti za chimanga chija dziko lonse linamva koma palibe amene anaona. Pamapeto pake chigambacho chinati: "Munthu aliyense asatumizidwe ku Muiwaleni popanda kuuzidwa mlandu wake pabwalo poyera, ndiponso popanda mboni yoona ndi maso. Izi zikapanda kuchitika tsiku la msika lotsatira lisanafike, munthuyo amasulidwe." Nyumba ya Malamulo inavomereza, anthu n'kuchitcha Chigamba cha Alamu. Palibe wolemekezeka ngakhale mmodzi amene anaganiza kuti mawu akuti munthu aliyense angakwanenso munthu wosavala tayi.

Mumsika waukulu wa Nong'onezani munali mayi wina wogulitsa mazira, dzina lake Felesiya Nachanza. Anthu ankamuyesa wamasiye, ngakhale sanaikepo maliro. Mwamuna wake, a Sandikonda, anali ndi chifuwa chosatha, ndipo zaka zingapo chigamba chisanasokedwe anatsokomola mfumu ikulankhula. Anawakweza m'galimoto ya apolisi, osawauza mlandu, osawafunsa kanthu. Nachanza anapita ku chipata cha Muiwaleni kangapo ndi mankhwala a chifuwa, mlonda n'kumamuuza kuti dzina limenelo salikumbukira. Kuchokera pamenepo ankaomba m'manja kuposa aliyense mumsikamo, osati chifukwa chokonda mfumu, koma mantha.

Tsiku lina la msika, mfumu inangodzuka ndi chilakolako chokaona ngalande yatsopano imene anaitcha dzina lake. Malipenga a mdipiti analira mosayembekezereka Nachanza ali pakati pa njira, atanyamula mathileyi osanjikiza a mazira ndi manja awiri, chibwano chitatsamira pamwamba. Anagwada pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi monga mwa mwambo. Koma poti munthu ali ndi manja awiri okha, ndipo onse anali pa ntchito, sanaombe.

A Chikwapu anali atagwada kutsogolo kwa khamulo, kupereka chitsanzo. Khutu lawo linamva kuti chakumanzere kuli kampata kopanda phokoso. Anadzutsa mutu mwakabisira n'kumuona. Fumbi la mdipiti lisanathe, Nachanza anali m'manja mwa apolisi, mazira ali phwaa pansi.

"Ndalakwanji, abwana?" anafunsa Nachanza.

"Mukadziwira komweko, mayi," anayankha a Chikwapu, monga ankayankhira kuyambira kale.

Koma mkulu wa apolisi anakanda m'mutu. "Pepani, olemekezeka, komweko kuja masiku ano sitingoperekako munthu. Pali Chigamba cha Alamu."

"Kodi mayi ameneyu ndi mlamu wa yani?"

"Sindikudziwa, olemekezeka. Koma akuoneka ngati munthu aliyense."

Motero kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Indebwana, mlandu wa kusaomba m'manja unafika pabwalo poyera. Msika wonse unakhamukira kumeneko. Woweruza anawerenga mlandu mokweza, kenako anapempha mboni yoona ndi maso. A Chikwapu anaitana a Jekapu, ogulitsa kaunjika, amene anagwada moyandikana ndi Nachanza tsiku lija.

"Bambo Jekapu, munaona mayiyu osaomba m'manja?"

"Ine, bwana? Ine ndine nzika yokhulupirika. Mfumu ikamadutsa maso anga amakhala pansi."

"Ndiye simunaone kanthu?"

"Ndinaona ndithu. Nyerere ziwiri zinkalimbirana kanyenyeswa ka mandasi. Inapambana ndi yaing'onoyo. Ngati bwalo likufuna, ndifotokoze mmene zinayambira."

Anaitana mayi wogulitsa tomato. Iye anati anaona chala chake chachikulu cha kuphazi, ndipo anathokoza mfumu chifukwa cha mpata woona kuti chikhadabo chakula. Anaitana apolisi, nawonso analumbira kuti anaona nsapato zawo zokha. Nanga ndani akanavomera kuti anadzutsa mutu? Aliyense ankadziwa kuti kuona mlanduwo kunali mlandu pakokha.

A Chikwapu anapsa mtima n'kudzambatuka. "Zamasewera! Ine ndemwe ndina..."

"Munatani, olemekezeka?" anafunsa woweruza mofatsa, cholembera chili m'manja.

Nduna inakumbukira kuti nayonso inkayenera kuyang'ana pansi. "Ndinamva."

"Munamva chiyani?"

"Ndinamva kusaomba."

Anthu anafuna kuseka, koma poti kuseka nduna kunalibe chigamba, anangoyang'ana kumwamba milomo ikunjenjemera. Woweruza anati kusaomba komveka ndi makutu sikukwana, chigamba chimafuna maso. Analamula kuti Nachanza asungidwe m'chitokosi cha apolisi, ndipo tsiku la msika likafika popanda mboni, abwerere kwawo.

A Chikwapu anathamangira kunyumba ya mfumu, anagwada, anaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

"Mwini Dziko, dziko likuwonongeka. Lero mayi wa mazira, mawa wa tomato, mkuja mudzadutsa mumsika ngati mukudutsa kumanda."

Mfumu inachita tsemwe. "Kumanda? Zii?"

"Zii, Mwini Dziko. Mankhwala ake ndi amodzi: tisomole Chigamba cha Alamu tsiku la msika lisanafike."

Mfumu inalamula kuti Nyumba ya Malamulo ikumane msangamsanga. Mbiriyi itawapeza a Kamphonje, nyama imene ankadya inawakanirira pakhosi. Anadziwa kuti chipinda chawo chija ku Muiwaleni a Chikwapu ankachisesabe. Ndiye munthu amene moyo wake wonse sanalankhulepo ndi wogulitsa mumsika, kupatula pomuuza kuti achoke m'njira, anatulukira ku chitokosi atatseka mphuno ndi kansalu.

"Ndinu Nachanza? Musaope, mayi. Ine ndine bwenzi la anthu osauka."

"Zikomo, bwana. Mwayamba liti?"

"Lero m'mawa. Tamverani, ufulu wanu ndi ufulu wanga."

"Ndiye tisinthane, bwana. Inu mugone pano, ine ndikagone kwanu."

A Kamphonje anaseka kuseka kouma. Kenako anatsitsa mawu. "Mayi, mwandiika m'mavuto. Munalephera bwanji kungoponya mazirawo pansi n'kuomba?"

"Ndinaganiza zimenezo, bwana, koma manja anakana. Ana anga amadya kuchokera m'mathileyi amenewo. Ine Muiwaleni ndimakudziwa pachipata pokha. Anga analowa kumeneko chifukwa cha chifuwa. Ndikalowanso ine, anawo adzayenda ndi mankhwala a anthu awiri, osadziwa wowapatsa. Ndikuopa, bwana. Sindigona."

A Kamphonje nawonso sankagona, koma kusagona kwawo kunali pa matiresi.

Tsopano mumve mmene Nyumba ya Malamulo ya Indebwana inkavotera. Kunalibe zoimika manja kapena zoponya mapepala. Lamulo wamba linkadutsa aphungu akaomba m'manja mokwanira kudzutsa Sipikala, amene ankakonda kusinza. Koma kusoka kapena kusomola chigamba m'Buku la Malamulo Aakulu inali nkhani ina. Makolo anakhazikitsa kuti phokoso lake lizikhala lalikulu moti nkhunda zokhala pa mitanda ya denga ziuluke zonse. Nkhunda zimenezo zinabadwira m'phokoso ndipo sizinkadzidzimuka wamba. Kuti ziuluke, pankafunika pafupifupi Nyumba yonse iombe ndi mtima umodzi. Kunena zoona, sizinalepherepo kuuluka, chifukwa aphungu a Indebwana ankaomba ngakhale mfumu ikayasamula.

Tsiku lokumana, mfumu inakhala pa mpando wake wapamwamba, aphungu onse maso pansi. A Chikwapu anayamba kulankhula.

"Olemekezeka, chigamba ichi chikuchedwetsa chilungamo. Kale munthu ankalakwa m'mawa, masana ali ku Muiwaleni, madzulo taiwala. Dziko linkayenda! Lero tizifunsa mboni, tizimvera za nyerere? Ndikupempha kuti tichisomole kwa kanthawi kochepa chabe, tithane ndi mayi mmodzi yekhayu, kenako tidzachisokanso."

Phungu wina wokalamba wa dera la Tadyakale anafunsa osadzutsa mutu. "Pepani, a nduna. Tikasomola, singano ndi ulusi azisunga ndani?"

"Ine, olemekezeka."

M'Nyumbamo munadutsa kamphepo kozizira. Apa a Kamphonje anaimirira, thukuta lili kamukamu. Anayamba ndi mawu akuluakulu amene analoweza pobwera: ufulu wachibadwidwe, ulemu wa munthu, misozi ya amayi. Aphungu anayamba kuwodzera, Sipikala n'kuyamba mkonono. Ataona kuti mawu obwereka sakugwira, a Kamphonje anabwerera ku chilankhulo chimene onse m'menemo ankachimva.

"Olemekezeka a Tadyakale, mlatho wa kwanu uja tinautsegulira ndi magule chaka chatha. Anthu akuwolokabe pa chigogo. Ine sindinaone kanthu. Koma a Chikwapu anamva."

Mkonono wa Sipikala unaduka.

"Olemekezeka a Mwandilanda, malata a chipatala chija akuwala bwino pa khola lanu la nkhumba. Palibe amene anaona akuchoka. Koma a Chikwapu anamva. Inu a Gawanani, ndinene za thalakitala ija? Ayi, sindinena. Abale anga, khutu la a nduna limamva ngakhale zimene sizinachitike. Chimene chaima pakati pa khutu limenelo ndi makosi athu ndi kachigamba aka basi. Mayi wa mazirayo ine sindikumudziwa, ndipo kunena zoona kumene ali kukununkha. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukachisomola pa iye, mwachisomola pa ine, mwachisomolanso pa inu."

Anakhala pansi mpando n'kulira. Aka kanali koyamba kuti a Kamphonje anene zoona pagulu, ndipo zinawatopetsa kwambiri.

Sipikala anakonza kukhosi. "Ovomereza kuti Chigamba cha Alamu chisomoledwe, aombe m'manja."

Zimene zinachitika pamenepo akuzikambabe mpaka lero. A Tadyakale anapezeka atagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri ngati kukuzizira. A Mwandilanda anawerama kumanga zingwe za nsapato, ngakhale nsapato zawo zinali zopanda zingwe. A Gawanani anagwidwa ndi mzimu wa pemphero, manja atapinda pachifuwa. Wina ankapukuta magalasi, wina nsabwe inamuluma kumsana pamalo ofuna manja onse awiri. M'Nyumba yonse munamveka zikhatho za munthu mmodzi yekha, a Chikwapu, kuti phwa, phwa, phwa, ngati mayi akupha udzudzu.

Nkhunda ina inasuzumira pansi, inapendeketsa mutu, kenako inapitiriza kudzikonza nthenga.

A Chikwapu anaomba mpaka manja kufiira, kenako anasiya. Ndiye kunagwa bata limene mfumu inali isanalimvepo chibadwire. Inatembenuka uku ndi uku, inagwira makutu ake poganiza kuti yagontha.

"Sanaombe?" inafunsa. "Pamaso panga? Amangeni onse! Onse ku Muiwaleni!"

Sipikala anagwada, maso pansi. "Mwini Dziko, lamulo lanu ndi lokoma. Kungoti nkhunda sizinauluke, ndiye chigamba chikadalipo. Pafunika mboni yoona ndi maso."

"Ndiye ndani waona?"

Palibe anayankha. Aphungu onse anali kuyang'ana pansi mwaulemu waukulu, monga mwa mwambo. Mfumu yokha ndi imene inaona, koma chigamba china chakale chinkaletsa mfumu kuima pabwalo ngati mboni, poti kutero n'kuichepetsa. Chigamba chimenecho inachipempha yokha.

Tsiku la msika litafika, apolisi anatsekula chitokosi. Nachanza anatuluka akuphethira, osakhulupirira. Sanafunse za mazira ake osweka. Anapita kunyumba, anakumbatira ana ake, anasamba, n'kubwerera mumsika ndi mathileyi ena.

Anapeza anthu ali pamzere pa benchi lake. Aliyense ankagula mazira awiri okha, limodzi la dzanja ili, lina la dzanja ilo, ndipo palibe amene ankafuna pepala lokulungira.

"Kodi lero kuli chiyani, a Jekapu?" anafunsa.

"Palibe, mayi. Tangomva kuti mfumu idutsanso kukaona ngalande ija. Ifetu timafunitsitsa kuomba m'manja, koma mukudziwa mmene mazira amavutira."

Chakumasana kunafika galimoto yakuda, munatuluka a Kamphonje atavala suti yatsopano. Anthu anali atayamba kuwatcha Tate wa Ufulu, ndipo dzinalo linkawakomera ngakhale linkawathina pang'ono. Anaima pa benchi la Nachanza, chifuwa patsogolo, kudikira kuthokozedwa.

"Mwaona, mayi? Ndinakuuzani kuti ndine bwenzi lanu."

"Ndaona, bwana. Mwadzipulumutsa bwino, mpaka ine ndapulumukira momwemo. Zikomo."

A Kamphonje sanadziwe ngati atamandidwa kapena atukwanidwa, choncho anangomwetulira.

"Koma ndifunse chimodzi," anapitiriza Nachanza, uku akusanja mazira. "Chimanga chija munachedweranji kuchiba? Mukanafulumira zaka zochepa chabe, chigamba chikanasokedwa msanga, a Sandikonda bwenzi ali pano akundithandiza kunyamula mathileyi."

Kumwetulira kuja kunafota. A Kamphonje anatsegula pakamwa, koma mawu oloweza aja anali atatha. Nthawi yomweyo malipenga a mdipiti analira kumtunda kwa msewu. Nachanza anatola mazira awiri n'kuwaika m'manja mwawo.

"Gwirani awa, bwana. Mugwire bwino, sachedwa kusweka."

Msika wonse wa Nong'onezani unagwada, maso pansi, mwaulemu wonse, munthu aliyense dzira kumanja dzira kumanzere. Magalimoto anadutsa pang'onopang'ono m'bata loti ukanamva ntchentche ikutera pa usipa. Kutsogolo a Chikwapu ankaomba okha, khutu lawo likumva milandu mazanamazana yopanda mboni.

Pakati pa bata limenelo, kumbuyo kwa benchi la tomato, bambo wina anatsokomola. Chinali chifuwa chouma, chokoka, chonga cha a Sandikonda chija. Nachanza anatsinzina, kudikira mgugu wa nsapato za apolisi.

Bamboyo anatsokomolanso kachiwiri, kachitatu, mpaka chifuwa chinamasuka. Palibe amene anabwera kudzamutenga.